Momwe mungayambitsire bwalo la filosofi m'dera lanu ku Harare

Mawu oti filosofi amaopsa anthu ambiri, ngati kuti ndi nkhani ya aphunzitsi a pa University of Zimbabwe ku Mount Pleasant okha. Koma aliyense amene anachezerapo pamaliro ku Mufakose, n'kumva madoda akutsutsana mpaka tambala kulira za mwini weniweni wa ana amasiye, filosofiyo anaimva kale. Kunja kuno kuli mabungwe a ntchito imeneyi. International Society for Universal Dialogue inayambira ku Warsaw mu 1989, ndipo imasonkhanitsa anthu a zikhalidwe zosiyana kuti azikambirana pofuna mtendere. Palinso chitaganya cha mabungwe a filosofi cha FISP, cha mu 1948, chomwe msonkhano wake waukulu wa 2024 unali ku Rome. Ambirife ya ndege yopitira kumeneko tilibe, koma bwalo laling'ono la mtundu womwewo tingathe kuliyambitsa pakhomo pathu.

Yambani ndi anthu, malo abwere pambuyo. Pezani anthu 8 mpaka 12, ndipo asakhale achibale anu okhaokha kapena a mpingo umodzi. Ngati nonse ndinu Achewa a CCAP, mungovomerezana, bwalo lithera pomwepo. Itanani Mshona woyandikana naye nyumba, Mndebele wa kuntchito, Myao wa kumzikiti, mayi wochokera ku Tete wogulitsa naye pa Mbare Musika. Amayi ndi achinyamata akhalepo okwanira, osati mmodzi wongokometsera. Kosavuta kuyambira ndi kusosaite ya maliro, poti kumeneko mitundu inasakanikirana kale ndipo anthu anazolowera kusunga tsiku.

Malo akhale oti munthu afike pansi kapena ndi kombi imodzi: khonde, kalasi ya Sande sukulu, pansi pa mtengo wa mango. Kumanani masana chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Gulu likadzakula n'kufuna holo ngati Stodart ya ku Mbare kapena Cyril Jennings ya ku Highfield, mufunsiretu zomwe lamulo la misonkhano la MOPA, la mu 2019, limafuna musanaitane anthu.

Tsopano chiyankhulo, pomwe mabwalo ambiri amagwera. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amavomereza ziyankhulo 16, ndipo Chichewa chilipo pamndandandawo. Komabe mukangosiya zinthu ziyende zokha, onse athawira ku Chishona kapena Chingerezi, agogo aja n'kukhala duu. Gwirizanani tsiku loyamba kuti aliyense ayankhule m'chiyankhulo chomwe amalotera, ndipo sankhani womasulira. Adzukulu obadwira konkuno ndiye akatswiri pa ntchitoyi. Kumasulira kumadya nthawi, inde, koma kumathandiza: munthu wokwiya akadikira kuti mawu ake atembenuzidwe, mtima umakhala utatsika kale. Ndipo mawu ena akakanika kumasuliridwa, musawalumphe. Imani pomwepo, chifukwa nkhani ya tsikulo mwaipeza.

Sankhani funso limodzi pa msonkhano uliwonse, lochokera m'moyo wa anthuwo. Mutu ngati "mtendere wa dziko lonse" ungogonetsa anthu tulo. Yesani ili: kodi mwana ndi wa ndani? Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, atsibweni ndiwo amakhala ndi mawu, ndipo mkamwini amapita kukakhala kwa mkazi. Kwa Ashona mwamuna amapereka roora (malowolo) ndipo mwana amatenga mutupo (chiwongo) wa bambo ake. Ndiye taganizirani mwana wa bambo Mchewa ndi mayi Mshona: akuchimuna akuti ndi wa kwa mayi ake, akuchikazi akuti ndi wa kwa bambo ake. Mwanayo amatsala pakati ngati mleme. Mukatembenuza, bambo Mshona mayi Mchewa, mbali zonse zikumufuna. Funso limeneli lokha lingakutengereni miyezi iwiri, ndipo muona kuti likukokerani ku mafunso ena: chibale ndi magazi kapena kulera? Mwambo ungasinthe osafa?

Pali mafunso ena owawa amene muyenera kuwasunga mpaka mutazolowerana. Ambiri mwa ife Achewa a kuno tinakula tikutchedwa mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre, kapena kunenedwa kuti tilibe mutupo, chikhalirecho Phiri, Banda, Mwale ndi Mbewe ndi ziwongo zathu. Makolo athu ananyamula zitupa zolembedwa kuti ndi alendo m'dziko lomwe anabadwiramo. Nkhani ya gule wamkulu, amene anzathu amati zvigure n'kumamuopa, nayonso njotentha, ngakhale UNESCO inamulemekeza mu 2005. Mukayamba ndi zimenezi tsiku loyamba, mubalalika. Pamsonkhano wachinayi kapena wachisanu, anthu atadyera kale mbale imodzi, zimakambika.

Malamulo a pabwalo asachuluke. Wapampando azisinthasintha. Aliyense apatsidwe mphindi zitatu, ndipo wogwira chinthu chomwe mwasankha, kaya mthiko kaya ndodo, ndiye mwini mawu. Lamulo lomwe ine ndimaliona lofunika kuposa onse ndi ili: musanatsutse mnzanu, bwerezani zomwe wanena mpaka iye avomere kuti mwamumva. Mumve m'mene zimakomera: "A Phiri, ngati ndakumvani bwino, mukuti roora ndi kugula munthu?" A Phiri n'kuti, "Ayi mayi, sindinatero, ndati imamanga mkazi pa banja lovuta." Apo ndiye mwayamba kukambirana. Zachipani zisiyeni pakhomo pamodzi ndi nsapato. Kulalikirana kuti wina atembenuke nakonso ayi, aliyense afotokoze chikhulupiriro chake basi.

Musaganize kuti mukufunika mabuku a ku Ulaya kuti muyambe. Umunthu wathu, Ashona amati hunhu, Andebele amati ubuntu, ndipo Stanlake Samkange ndi mkazi wake Tommie Marie analemba buku pa nkhaniyi mu 1980. Pemphani aliyense abwere ndi mwambi umodzi wa kwawo. Wina akati "kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu", Mshona ayankha kuti "munhu munhu nevanhu". Koma musakhutire ndi kufananako. Funsani: nanga umunthuwo umafika kwa mlendo, kapena umathera pa mpanda wa mtundu wako?

Za ndalama, dola imodzi pamunthu ikwanira tiyi ndi mabanzi. Gulu la WhatsApp likhale lokumbutsana tsiku lokha, mikangano ya pafoni ilibe womasulira.

Pomaliza, lembani. Kope limodzi, tsamba limodzi pa msonkhano: funso, mfundo zomwe munagwirizana, ndi zomwe munasiyana. Dziikireni masiku awiri pachaka oitana alendo: 21 September, tsiku la mtendere la United Nations, ndi Lachinayi lachitatu la November, lomwe UNESCO inalikhazikitsa mu 2005 kukhala tsiku la filosofi. Pofika tsiku limenelo kope lija likhala litanenepa, ndipo mudzakhala ndi choti muonetse mphunzitsi wa kuyunivesite amene mwamuitana, kapena choti mutumize pa imelo ku bungwe lakunja mukafuna kulumikizana nalo. Mphunzitsiyo akabwera, mumupatse mphindi zitatu ndi mthiko ngati wina aliyense.