Wofuna kuwerenga Chiheberi ayambire pa Salimo 119

Ambiri amene amayamba kuphunzira Chiheberi amagwa ulesi msanga chifukwa chothamangira galamala maso asanazolowere zilembo. Ine ndimati yambirani pa Salimo 119.

Salimoli lili ndi zigawo 22, monganso zilembo za Chiheberi, ndipo chigawo chilichonse chili ndi mavesi 8 oyamba ndi chilembo chimodzimodzi: oyambirira ndi alef, otsatira ndi bet, mpaka kukafika pa tav. Tsegulani salimoli m'Chiheberi pa foni, muyang'ane kumanja kwa mzere poti kuwerenga kumayambira kumeneko. Tengani chigawo chimodzi patsiku, mulembe chilembocho ndi pensulo mpaka dzanja lizolowere.

Pali zilembo zosokoneza zedi. Dalet ndi resh zimaoneka ngati mapasa, koma dalet ili ndi kakona kosongoka pomwe resh ndi yopindika bwinobwino. Bet ndi kaf nazonso n'chimodzimodzi. Zilembeni moyandikana. Zina zisanu, kaf, mem, nun, pe ndi tsadi, zimasintha maonekedwe zikakhala kumapeto kwa mawu.

Sankhani malemba okhala ndi timadontho ta mavawelo, monga a mu siddur, buku la mapemphero la Ayuda. Nyuzipepala za ku Israel siziika timadonthoti, ndiye dikirani kaye.

Zilembo zikalowa, pitani pa Shema, Deuteronomo 6:4, mawu 6 okha amene Ayuda amanena m'mawa ndi madzulo. Mvetserani mmene amayiimbira m'sunagoge uku chala chikutsata mzere. Pofika pa dzina la Mulungu iwo amati Adonai, salitchula monga lalembedwera.