Mmene mungayendere California kuti muidziwe bwino

Ulendo wa ku California, chigawo cha kumadzulo kwa dziko la United States of America, muuyambire kummwera, ku San Diego, muzikwera chakumpoto. Ndimalangiza choncho chifukwa mbiri ya chigawochi inadzeranso momwemo. Anthu a ku Spain anamanga mishoni yawo yoyamba ku San Diego mu 1769, motsogoleredwa ndi wansembe Junípero Serra, ndipo zina zinatsatira chakumpoto mpaka zinakwana 21. Lowani m'mishoni imodzi, koma musangogoma ndi makoma ake. Funsani za eni nthaka amene anaumba zidinazo, pakuti ambiri anagwiritsidwa ntchito mokakamizidwa, ndipo matenda obwera ndi alendo anawapulula.

Bwerekani galimoto, chifukwa malo ambiri amene nditchule sitima sifikako. Galimoto kumeneko zimayenda kumanja kwa msewu ndipo zikwangwani zimawerenga mtunda m'mamailosi.

Ku Los Angeles pewani misewu ikuluikulu m'mawa ndi madzulo, mungathere tsiku muli pamdipiti wa galimoto. Hollywood muione ndithu, koma maola ochepa akukwanirani. Ine ndimakonda kutumiza anthu ku San Pedro kuti akaone madoko a Los Angeles ndi Long Beach, kumene sitima zochokera ku Asia zimatsitsa makontena osawerengeka. Katundu wambiri wa m'masitolo a ku America amalowera pamenepo. Dziwaninso kuti mzinda waukulu chonchi uli pamalo ouma. Unakula chifukwa cha ngalande imene inatsegulidwa mu 1913, yotenga madzi ku Owens Valley, ndipo alimi akumeneko anatsala manja ali m'khosi.

Kuchoka apo gwirani msewu wa Highway 1. Pa Big Sur msewuwu umadutsa m'mbali mwa mapiri, nyanja ya Pacific ili m'munsi, ndipo simungathamange ngakhale mutafuna. Musananyamuke onani pa intaneti ngati Caltrans, nthambi yoyang'anira misewu, sinautseke, chifukwa nthaka imagumuka kawirikawiri. Thiraniratu mafuta, malo omwetsera ndi otalikirana. Mukagone ku Monterey, limene linali likulu m'nthawi ya ulamuliro wa Spain ndi Mexico, dziko la Mexico lisanapereke derali kwa America mu 1848.

Musanalowe mu San Francisco mudutsa Silicon Valley, kumene kuli malikulu a makampani a zamakompyuta monga Apple ku Cupertino ndi Google ku Mountain View. Ndalama zilipo zochuluka, koma choona ndi maso ndi maofesi basi, choncho musachedwepo. Mu San Francisco tengani juzi ngakhale mu Julayi, chifunga chake chimazizira. Mlatho wa Golden Gate, umene unatsegulidwa mu 1937, muuwoloke wapansi. Matikiti a boti lopita ku Alcatraz, chilumba chimene chinali ndende mpaka mu 1963, muguliretu masiku akadalipo. Nyumba zambiri za pakati pa mzindawu zinamangidwa pambuyo pa chivomezi ndi moto za mu 1906.

Alendo ambiri amabwerera pomwepa, ndipo zimandiwawa, chifukwa mbali imene imadyetsa anthu amaisiya osaiona. Inu khoterani kumtunda, ku Sacramento, likulu la chigawochi. Chakum'mawa kwake kuli Coloma, kumene James Marshall anatola golide mu Januwale 1848 akumanga makina ochekera matabwa a John Sutter. Mbiri itawanda, anthu anakhamukirako kuchokera kumaiko akutali, ndipo pofika mu 1850 California inalandiridwa kukhala chigawo cha United States. Kwa eni nthaka, zaka zimenezo zinali za kuphedwa ndi kulandidwa malo. Mu Sacramento momwemo muli nyumba yosungiramo mbiri ya sitima zapamtunda. Lowanimo mumve za anthu ochokera ku China amene anaboola mapiri a Sierra Nevada pomanga njanji yolumikiza kum'mawa ndi kumadzulo, imene inatha mu 1869.

Kenako tsikirani kummwera ndi Highway 99, kudutsa chigwa cha Central Valley. Muyenda maola ambiri pakati pa minda ya mphesa, matimati, malalanje ndi mtedza wa almond, umene wochuluka padziko lonse umachokera m'chigwa chomwechi. Yang'anani ngalande zothirira, ndiponso zikwangwani zimene alimi amazika m'mbali mwa msewu zodandaula za madzi. Mkangano wa madzi pakati pa minda, mizinda ndi mitsinje ndiwo mtima wa ndale za kuno. Imani ku Delano. Mu 1965 antchito a m'minda ya mphesa ochokera ku Philippines, motsogoleredwa ndi Larry Itliong, ananyanyala ntchito kumeneko, ndipo César Chávez ndi Dolores Huerta anabwera ndi anzawo a mtundu wa ku Mexico kudzagwirizana nawo. Mpaka lero manja amene amathyola zipatsozi ambiri ndi a anthu obwera.

Mzinda wa Fresno ndi poyambira pabwino popita kumapiri. Ku Sequoia National Park kuli mtengo wotchedwa General Sherman, umene thunthu lake limaposa la mtengo wina uliwonse padziko, ndipo ku Yosemite mathithi amasefukira mu Meyi ndi Juni, chipale chikamasungunuka. M'miyezi yozizira msewu wa Tioga, wodutsa pamwamba pa Yosemite, umatsekedwa, ndipo m'misewu ina yam'mapiri amafuna kuti mumange matcheni kumatayala. Funsani kampani yobwereketsa galimoto ngati imalola zimenezo musanasaine mapepala.