Masangweji ndi zosunsira zopangira pakhomo pompano pa Mchinji

Alendo akakupezani cha m'ma 3 koloko masana, nsima yamasana mwadya kale yamadzulo idakali kutali, ambirife timangotuma mwana pa okala akagule Fanta ndi mabisiketi, kapena tiyi ndi buledi wa Stork basi. Sikuti n'zolakwika ayi, koma nthawi zambiri m'nyumba momwemo mumakhala muli mazira, tomato, anyezi, mtedza, mapeyala ikakhala nyengo yake, ndipo zimenezi n'zokwanira kupanga tizakudya toti mlendo mpaka afunse kuti mwagula kuti. Ine zimandiwawa ndikamva munthu akunena kuti masangweji ndi za anthu a m'tauni, eti mpaka ukagule tchizi ndi poloni ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 100 kuchoka pa boma pano, chonsecho mtedza ndi mbatatesi zomwe akudya konkowo zina zimachoka kwathu kuno, mukaima pa Kamwendo nthawi yokolola mumadzionera nokha matumba akukwezedwa m'malole.

Tiyambe ndi buledi chifukwa ndi pamene anthu ambiri zimawavuta. Mdani wa sangweji ndi madzi. Mwapanga bwinobwino m'mawa, pofika nthawi yodya buledi wanyowa, akumatirira m'zala, mwana kusukulu wangotaya. Ndiye chinthu choyamba, pakani majarini mbali zonse ziwiri zamkati mpaka m'mphepete mwenimweni, osangoti tsee pakati pokha ayi, mafutawo ndi amene amatchinga kuti madzi a tomato kapena a mazira asalowe m'buledi. Chachiwiri tomato. Mudule mopyapyala, muyale pa mbale, muwazeko kamchere ndipo mumusiye mphindi 10, muona madzi akutuluka okha, amenewo mukhetse, ndipo poika mu sangweji tomato akhale pakati pa zinthu zina asagunde buledi. Buledi wogula dzulo amadulika bwino kuposa wotentha wochokera ku bekala, wotenthayo amangofinyika mpeni ukamadutsa. Ndipo ngati muli ndi mbaula yoyaka kale, ikani chiwaya chouma pamoto wochepa, muyalepo masilayisi afiire pang'ono mbali imodzi, sipafunika tosita. Mabanzi ndi masikono amagwiranso ntchito yomweyo, mungowang'amba pakati.

Sangweji ya mazira ndi imene ndimauza aliyense kuti ayambire. Mazira 4 muwaike m'madzi, akayamba kuwira muwerenge mphindi 10, kenako muwaponye m'madzi ozizira nthawi yomweyo kuti asavute kusenda komanso kuti chachikasu chija chisachite mzere wobiriwira m'mbali. Muwaphwanye ndi foloko, osati mpaka asanduke phala, pazioneka tizidutswa. Thirani masupuni awiri akuluakulu a mayonesi, kamchere, anyezi wodula tinthu ting'onoting'ono kwambiri, ndi madontho a ndimu. Anyezi wamuwisi akakhala waukali kwambiri muyambe mwamuviika m'madzi ozizira kwa mphindi zingapo, ukali umachepa. Mazira 4 amenewa akwanira masangweji 4 abwinobwino. Mayonesi akadula kapena mulibe, theka la peyala lakupsa limalowa m'malo mwake ndipo kwa ine imakoma kuposa. Koma chonde musamapange mayonesi wanu ndi dzira laliwisi ngati odya ake ndi ana, amayi oyembekezera kapena agogo, dzira losaphika limatha kukhala ndi tizilombo totsegula m'mimba.

Ndiwo zotsala dzulo nazonso ndi masangweji. Nkhuku yotsala mungoinyotsola, musakanize ndi kabichi wodula mopyapyala ndi kamayonesi. Nyemba zotsala muzikazinge pang'ono ndi anyezi madzi aphwe, muziphwanye ndi chipande mpaka zigwirane, mupake pa buledi, pamwamba kachumbali wokhetsa madzi. Soya pisi naye chimodzimodzi, bola mumufinye bwino mukamuviika ndipo mumukazinge mpaka aume, msuzi usakhalepo.

Tsopano chimene ndikufuna ndikhalitsepo ndi chiponde, chifukwa kuno tili ndi mtedza wambiri koma timangoudziwa wotendera mpiru ndi nkhwani, wothira m'phala, kapena chiponde chopaka pa buledi, pamene chiponde chomwecho mukachisandutsa chosunsira cha mchere ndi tsabola anthu amanyambita mbale. Yambani ndi kusankha mtedza, ndipo apa musachite ulesi anzanga. Muuyale m'lichero, muchotse uliwonse wofota, wokwinyika, wakuda, wofumbwa kapena wa chuku. Chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa ayi, ndiye njira yake ndi kutaya mtedza woipawo basi, osapatsa ana komanso osati kusinja nsinjiro poganiza kuti sizioneka. Chizolowezi chija chowaza madzi mtedza kuti usavute kuswa ndi chimodzi mwa zomwe zimabweretsa chukucho, ndiye mukamagula pamsika muziugwira m'manja, wouma bwino umalira mukaugwedeza ndipo sununkha chinyontho. Pa mitundu, CG7 wofiira uja ali ndi mafuta ambiri ndiye chiponde chake chimafewa msanga, Chalimbana ndi wamkuluwamkulu wokoma kukukuta, ine Chalimbana ndimasungira kukazinga ndi mchere woika m'kambale pambali.

Kazingani makapu awiri a mtedza m'chiwaya chouma pamoto wochepa, muzitakasa osaleka, mpaka makoko ayambe kusweka ndipo mukaswa kamodzi mkati mukhale mwagolide. Moto ukachuluka kunja kumapserera mkati muli mwamuwisi ndipo chiponde chimawawa. Ukazizira muupukuse m'manja, mupete makoko achoke, kenako mumtondo. Poyamba umakhala ngati ufa, mukapitiriza umayamba kugwirana n'kumamatirira kumunsi, musasiyire pamenepo, sinjanibe mpaka muone mafuta akunyezimira pamwamba. Amene ali ndi bulenda ndi mphindi zochepa chabe magetsi akakhalapo, koma muziipumitsa isatenthe.

Chosunsira chake n'chosavuta. Masupuni 4 akuluakulu a chiponde m'kambale, kambewu kamodzi ka adyo kosinja ndi mchere, madzi a theka la ndimu, tsabola wa kambuzi mmodzi wodula bwino kapena kasupuni ka Nali, ndi kashuga kapansonga ya supuni. Kenako madzi ofunda, supuni imodzi imodzi mukutakasa. Apa musadabwe, mukangothira madzi oyamba chiponde chimalimba n'kuchita mibulu ngati chawonongeka, ambiri amataya mtima pamenepa, koma pitirizani kuthira pang'onopang'ono mukutakasa mwamphamvu, chimamasuka chokha n'kukhala chosalala, mtundu wake umayererako. Musiye pamene chikuyenderera pa supuni mwaulesi. Lawani. Chikamveka chozizira m'kamwa, nthawi zambiri chimene chaperewera ndi ndimu kapena mchere, osati tsabola. Ndipo musanapereke funsani kaye ngati pali amene mtedza umamuwenga, alipo anthu oti kakang'ono kokha kamawatupitsa mpaka kubanika.

Cha mapeyala n'chachangu kuposa zonse. Nthawi ya dzinja mapeyala akachuluka pamsika mpaka ena kumaolera pansi, tengani awiri akupsa, oti mukadina chakumutu akufewa koma osabooka. Muwaphwanye ndi foloko, finyiranimo ndimu yense mmodzi nthawi yomweyo, mchere, anyezi pang'ono, tomato mmodzi wochotsa njere ndi madzi ake, kambuzi monga mmene mumakondera. Ndimuyo sikuti ndi yokometsera yokha, imachedwetsa kuda kuja kumene peyala limachita likakhudzana ndi mpweya. Ena amati muike nthanga yake pakati kuti lisade, koma imangoteteza pamene yakhalapo pokha. Chothandiza ndi kuvindikira ndi kapepala ka pulasitiki koyera kogunda pamwamba penipeni, komabe ichi n'chopanga alendo atakhala kale pampando, sichigona.

Chambiko nachonso anthu amangomwa kapena kudyera nsima, koma chikakhetsedwa chimakhala chosunsira chabwino zedi. Yalani kansalu koyera, kochapa ndi kuwiritsa, pa sefa, pansi muike mbale, thiranimo paketi imodzi ya chambiko ndipo muchisiye pamalo pozizira maola awiri kapena atatu, mu filiji ngati muli nayo. Madzi achikasu amatsikira pansi, pamwamba pamatsala cholimba chopakika. Sakanizani ndi adyo pang'ono, mchere ndi nkhaka yopala yofinya madzi. Ichi chimayenda bwino ndi zinthu zokazinga komanso za tsabola wambiri chifukwa chimaziziritsa m'kamwa, ndipo mu sangweji ya mazira ija chimalowanso m'malo mwa mayonesi.

Nanga tisunsa chani? Kaloti ndi nkhaka zodula motalika ngati zala, zotsuka bwino ndi madzi aukhondo, ana amadya osakakamizidwa zikakhala ndi chiponde pambali. Buledi wotsala wouma mumudule timabokosi, mumukazinge ndi kamajarini. Mbatata yowiritsa kapena yootcha. Koma zimene zimatha msanga pa mbale ndi zigege ndi chinangwa chokazinga.

Zigege ambiri timangogula pa chiwaya koma kupanga kwake sikovuta. Mbatatesi 4 zazikulu, musende, mudule mozungulira mopyapyala, kukhuthala kwake kusafike theka la sentimita chifukwa zikanenepa kunja kumapsa mkati muli gwa. Muzitsuke ndipo muziumitse ndi kansalu, zikakhala zonyowa fulawa samamatira. Kapu imodzi ya fulawa, theka la kasupuni ka mchere, theka la kasupuni ka beking'i pauda, kasupuni ka kale pauda kuti zikhale zachikasu ndi kafungo, kenako madzi ozizira pang'onopang'ono mpaka phala lake likhale loti mukaviika supuni likuikuta osayoyoka lonse. Mafuta muwayese podonthezamo kaphala, kakamira n'kubwera pamwamba nthawi yomweyo kakuchita thovu ndiye kuti afika, kakangokhala pansi dikirani kaye, kakada pompo chepetsani makala. Musadzaze chiwaya, muziika zochepa zochepa, zikachuluka mafuta amazizira ndipo zigege zimamwa mafuta n'kukhala zolemera. Mphindi zitatu kapena zinayi mbali iliyonse, muzitsanulire pa sefa mafuta adonthe, kamchere pamwamba zidakali zamoto.

Chinangwa chikhale chozuna, monga manyokola amene timakukuta chachiwisi uja, chowawa chija si chokazinga mwachangu chonchi chifukwa chimafuna kuviikidwa masiku kuti poizoni wake achoke. Musende, muchotse mtsitsi wapakati, muwiritse ndi mchere mpaka mpeni uzilowa koma chisanaphwanyike, mukhetse madzi, chiume nthunzi ithe, kenako mukazinge mpaka chifiire. Kunja chimakhala chokukutika mkati chofewa ngati ufa, ndipo ndi chosunsira cha chiponde chija ndi pamene mudzamvetse chifukwa chake ndalimbikira za mtedza.

Poika pa tebulo sipafunika mbale zodula. Thireyi imodzi kapena lichero loyalapo kansalu koyera, tizimbale ta zosunsira pakati, zina zonse mozungulira, masangweji muwadule pakati mopingasa kapena panayi kuti akwanire anthu ambiri komanso asavute kugwira. Aliyense asambe m'manja ndi sopo kaye, ndipo m'kambale kalikonse muikemo supuni kuti munthu azitapira pa mbale yake, chifukwa ana amaluma chigege n'kubwezeranso momwemo. Azibambo akakhala pa khonde paokha muwapatulire zawo, apongozi sangamasuke kumasunsa mbale imodzi ndi ana.

Za kutentha nazo musazitaye, makamaka Okutobala ndi Novembala. Chilichonse chokhala ndi mazira, mayonesi, chambiko kapena nkhuku chisakhale panja kupitirira maola awiri, kukatentha kwambiri ola limodzi lokha. Ngati mulibe filiji kapena magetsi azima, konzekeranitu zimene sizionongeka msanga, mtedza wokazinga, chiponde chosathira madzi, ndipo kusakaniza kwenikweni muchite nthawi yodya itayandikira. Masangweji odikira alendo kwa kanthawi muwavindikire ndi kansalu konyowa pang'ono kofinya bwino kuti buledi asaume m'mbali. Mwana wopita kusukulu amene akadye pa buleki, mupakireni chiponde ndi nthochi yodula kapena chiponde chokha, za mazira ndi mayonesi adzadye akaweruka.