Kupeza nthawi yolemba nkhani yopeka

Mwafunsa kuti mungalembe nthawi yanji nkhani yopeka poti ntchito imakutherani tsiku lonse. Ine ndimachita chonchi.

Choyamba, dzukani m'mamawa ana asanadzuke, mulembe kwa mphindi 30 zokha. Foni ikhale patali.

Chachiwiri, muziyenda ndi kakope m'thumba. Mu minibasi, kuchigayo ngakhale pamjigo, anthu amakamba zinthu zoti wekha sungaziganize. Lembani chiganizo chimodzi chimene chakugwirani mtima. Madzulo dzifunseni kuti: amene wayankhula mawuwa akufuna chiyani, nanga akumutchinga ndani? Apa musathamange ayi, chifukwa nkhani yonse imamera pa mayankho awiriwa.

Kenako lembani mpaka kumapeto osakonza kalikonse. Zokonza zidikire Loweruka.