Kusiyanitsa mwini mawu ndi wokopera m'mabuku akale a ku Ulaya olembedwa pamanja

Yambirani kumapeto kwa buku. Okopera ena ankasiyako dzina lawo, malo, nthawi zina chaka, n'kupempha owerenga kuti awapempherere. Dzinalo si la mwini mawu, ndiponso musalikhulupirire msanga: wokopera wina ankatha kulitengera m'buku lomwe ankakopera, kapena linalembedwa mochedwa. M'buku la Mauthenga Abwino la ku Lindisfarne ku England, mawu onena kuti analemba ndi bishopu Eadfrith anawaonjezera wansembe Aldred patadutsa zaka zoposa 200.

Kenako werengani masamba mtolo ndi mtolo. Kawirikawiri ankapinda zikopa zolembapo 4 pakati n'kupeza mtolo wa masamba 8, ulusi wosokera n'kuonekera pakati penipeni. Mukapeza 7, tsamba lina linadulidwa, kapena limodzi anachita kuikamo. Kalembedwe kakasintha poyambira mtolo watsopano, ndiye kuti okopera anagawana ntchito. Baibulo la Codex Amiatinus, lolembedwa ku nyumba ya amonke ya Wearmouth-Jarrow ku England chisanafike chaka cha 716, lili ndi masamba oposa 1,000, ndipo analilemba anthu angapo.

Apa ambiri amasokera ndi inki. Ankaipanga ndi timibulu totupa pa mitengo ya oak, mchere wa chitsulo ndi utomoni, choncho mphika uliwonse unkatuluka ndi mtundu wakewake. Nthenga ya tsekwe yolembera ikasongoledwanso, zilembo zimaonda. Zonsezi sizisonyeza munthu watsopano. Yang'anani mchira wa chilembo g, mimba ya chilembo a, ndi mmene amafupikitsira mawu, pakuti dzanja silisiya chizolowezi chake.

Umboni wamphamvu uli m'zolakwika. Wokopera ankaloweza mawu ochepa, n'kulemba, n'kubwezanso maso pa buku loyamba. Mizere iwiri ikathera ndi mawu ofanana, diso linkagwera pa wachiwiri, zapakati zonse n'kutsala. Mwini mawu polemba zake zatsopano sadumpha chonchi. Mabuku awiri akadumpha pamalo amodzimodzi, kawirikawiri amakhala apachibale: lina linachokera kwa linzake, kapena onse ali ndi kholo limodzi. Samalaninso ndi ndemanga ya m'mphepete yomwe wokopera wotsatira anailowetsa m'nkhani poganiza kuti inaiwalika. Imadziwika chifukwa imadula chiganizo pakati.

Musanalembe kuti “wolemba ndi uje”, sankhani ntchito yake. Bonaventure, katswiri wa zaumulungu wa m'zaka za m'ma 1200, anatchula anthu anayi opanga buku: wokopera chabe, wosonkhanitsa za ena, wotanthauzira za ena, ndi amene mawu ake ndiwo aakulu, a ena n'kungowachirikiza.