Momwe mungachokere ku Lusaka kukapuma pa gombe la Zanzibar ndi chikwama chimodzi

Ulendo wapamtunda wochoka ku Lusaka kukafika pa mchenga wa ku Zanzibar umadya masiku 3 popita ndi enanso 3 pobwera, ndiye kuti zonse zayenda bwino. Ngati tchuthi chanu n'cha sabata imodzi, sitima isiyeni, pitani ku bwalo la Kenneth Kaunda mukakwere ndege ya ku Dar es Salaam. Zimene zili m'munsimu ndi za munthu amene ali ndi masiku 12 kapena 14, ndalama zowerengeka, ndi chikwama chakumsana chimene angathe kuyenda nacho mphindi 20 osatula.

Mapepala oyamba kukonza

Mzika ya Zambia siifunika viza polowa m'Tanzania ngati ikukacheza masiku osapitirira 90. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo isanathe ntchito. Ngakhale Zanzibar ndi mbali ya Tanzania, pa doko pali a imigireshoni awoawo, ndiye pasipoti isakhale pansi pa chikwama potsika boti.

Kuyambira pa 1 Okutobala 2024, mlendo wolowa ku Zanzibar amayenera kugula inshulansi ya Zanzibar Insurance Corporation. Inayamba pa mtengo wa madola 44 munthu wamkulu, ndipo imagwira ntchito masiku 92. Kukhala ndi inshulansi ina ya kuno sikukuchotsani pa lamuloli. Gulani pa intaneti mudakali ku Lusaka, musindikize pepala lokhala ndi QR code, chifukwa foni imakonda kuthera moto pa nthawi yomwe mukuifuna.

Khadi yachikasu ya katemera wa yellow fever nayonso itengeni, poti amatha kuifunsa pa malire kapena pa doko. Imayamba kuwerengedwa pakapita masiku 10 mutabayitsa, choncho si chinthu chochita mawa lake ulendo. Mukabayitsa kamodzi basi, ndi ya moyo wonse.

Mwezi wopita

Mvula yaikulu imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi. Mitengo ya malo ogona imatsika, koma malo ena amatsekeratu ndipo zovala siziuma. Juni mpaka Okutobala ndi nyengo yabwino: kulibe mvula yambiri, kutentha n'kopiririka, koma kumawomba mphepo ya kumwera yotchedwa kusi imene imavundula nyanja. Novembala ndi Disembala kumagwa timvula tosakhalitsa. Januwale ndi Febuluwale kumatentha kwambiri, ndipo munthu wozolowera mphepo ya pamtunda ya ku Lusaka amavutika kugona usiku chifukwa cha chinyezi. Sabata ya Khirisimasi ndi Nyuwere mitengo imakwera zedi. Woyenda ndi ndalama zochepa aipewe.

Onaninso pamene Ramadan ikugwera chaka chimenecho. Anthu ambiri pa chilumbachi ndi Asilamu, ndipo m'mweziwo timalo todyera totsika mtengo timatsekedwa masana.

Sitima kapena basi

Njanji ya TAZARA ndi yotalika makilomita 1,860 kuchoka ku Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam. Kwa zaka zambiri sitima za anthu zakhala zikunyamuka ku Kapiri Lachiwiri ndi Lachisanu chakumasana, koma ndandanda imasinthasintha. Pitani nokha ku TAZARA House, mu Independence Avenue, kutatsala sabata kapena masabata awiri, mukafunse zinthu zitatu: tsiku lonyamuka, ngati sitimayo ikudutsa mpaka ku Dar es Salaam kapena mukasintha pa malire pa Nakonde, ndi ngati malo ogona alipo. Kalasi yoyamba ili ndi mabedi 4 m'chipinda, yachiwiri 6. Amuna ndi akazi amagona zipinda zosiyana pokhapokha mutalipira chipinda chonse, chinthu chimene mabanja ambiri amachidziwira pa siteshoni mochedwa.

Tsiku la ulendo nyamukani ku siteshoni ya mabasi ya Intercity m'mamawa. Kapiri ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200, ndipo msewu wa Great North umadzaza malole. Siteshoni ya TAZARA siili pamene basi imakutsitsani. Pamafunika kagalimoto kena. Papepala ulendo wa sitima ndi wa masiku awiri, koma kuchedwa ndi maola 10 kapena kuposa sikudabwitsa aliyense. Chifukwa cha ichi musalipiriretu boti kapena bedi la tsiku lomwe sitima "iyenera" kufika. Siyani tsiku limodzi lopanda kanthu.

M'sitima tengani madzi akumwa malita 5, pepala la kuchimbudzi, tochi, kaloko ka chikwama ndi juzi. Ambiri amaseka za juzi poti akupita kotentha, koma ku Mbeya ndi ku Makambako ndi kumapiri ndipo usiku kumazizira kwenikweni. Mukadutsa Tunduma, tauni ya pa malire mbali ya Tanzania, chakudya cha m'sitima chimagulidwa ndi mashilingi. Osintha ndalama amakwera pa malire. Onani mtengo wa tsikulo pa foni musanawapeze, sinthani zokwanira masiku awiri okha, ndipo werengani mashilingiwo m'manja mwanu musanapereke makwacha.

Basi ndi yachangu koma yolemetsa thupi: Lusaka mpaka Nakonde ndi makilomita pafupifupi 1,000, muwoloke malire wapansi, kenako basi ina kuchoka ku Tunduma kudzera ku Mbeya, Iringa ndi Morogoro. Imakutsitsani pa siteshoni ya Magufuli ku Mbezi, kutali ndi doko. Pogula tikiti ku Tanzania samalani ndi nthawi. Wotchi yawo ili patsogolo ndi ola limodzi kuyerekeza ndi yathu, komanso m'Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka. Wogulitsa akati "saa moja asubuhi" akunena 7 koloko m'mawa. Muuzeni alembe pa tikiti, ndipo mufunse ngati ndi nthawi ya Chiswahili kapena ya Chingerezi.

Kuwoloka nyanja

Doko la maboti lili mu Sokoine Drive, moyang'anana ndi tchalitchi cha St Joseph. Maboti achangu a Azam Marine amatenga maola pafupifupi 2 kukafika ku Stone Town, tauni yakale pamene pali doko la Zanzibar, ndipo omaliza amanyamuka chakumadzulo dzuwa lisanalowe. Sitima ikakufikitsani usiku, gonani mu Dar es Salaam.

Panja pa doko pali anyamata ochita ngati angwangwazi a ku Intercity: amakulandani chikwama, kukuuzani kuti ofesi yatsekedwa, n'kukutengerani ku kashopu kowonjezera mtengo. Yankhani "hapana, asante" (ayi, zikomo) mukuyenda, mulowe mu ofesi yeniyeni ya kampani, muonetse pasipoti. Alendo amalipira mtengo wokwera kuposa nzika, ndipo wakhala ukutchulidwa m'madola. Madola akale, ong'ambika kapena olembedwalembedwa amakanidwa. Ku bureau ya ku Lusaka pemphani atsopano, a 2013 kupita mtsogolo.

Munthu amene sanakwerepo boti pa nyanja yamchere amwe mankhwala oletsa nseru kutatsala mphindi 30 kapena ola, asadye zamafuta, akhale chakumbuyo kwa boti kumunsi, maso ali kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo. Kuwerenga pa foni ndiko kumafulumizitsa kusanza. Boti la m'mawa limayenda pa madzi odekha kuposa la masana, makamaka m'miyezi ya kusi.

Kusankha gombe: apa ndiye pagona nkhani

Anthu ambiri amasankha malo poona chithunzi cha mchenga woyera, osadziwa kuti nyanja iyi imayenda. Pa tsiku madzi amadzaza kawiri ndi kuphwera kawiri, ndipo nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, kudzaza ndi kuphwera kumakula kwambiri.

Kum'mawa kwa chilumba, ku Paje, Jambiani, Bwejuu ndi Matemwe, gombe ndi lathyathyathya. Madzi akaphwera amathawa mtunda wautali, malo ena kufika kilomita, n'kusiya mchenga wonyowa, timadziwe ndi minda ya ndere za m'nyanja imene azimayi amalima pa zingwe ndi tizikhomo. Kusambira kumatheka maola ochepa okha madzi akabwera. Kumpoto, ku Nungwi ndi Kendwa, nyanja imazama msanga ndipo mumasambira pafupifupi nthawi iliyonse, dzuwa limaloweranso m'madzi mukuona. Koma kumenekonso ndi kumene kuli mahotela aakulu, nyimbo mpaka usiku, ndi ogulitsa amene sakulolani kugona pa mchenga mphindi 10. Ku Kendwa kumachitika phwando la mwezi wathunthu limene limakesa.

Kwa wofuna kupuma ndi ndalama zochepa, Jambiani imaposa onsewa. Ndi mudzi wa asodzi wotalika m'mbali mwa nyanja, ndipo usiku kumakhala bata. Paje, imene ili pafupi, ili ndi mahositelo ambiri ndi achinyamata oseweretsa makaiti pa madzi. Ndi yabwino kwa woyenda yekha wofuna anzake, koma sankhani malo otalikirana ndi mabala. Ngati chimene mwadzera ndi kusambira m'mawa, masana ndi madzulo, pitani kumpoto, mulolere phokosolo.

Mukasankha, khazikikani. Masiku 5 kapena 6 pa gombe limodzi amapumitsa kuposa kugona malo anayi. Kusamuka kulikonse kumadya theka la tsiku, ndipo kuchoka kum'mawa kupita kumpoto pa daladala (minibasi zakumeneko) mumayenera kubwerera kaye m'tauni.

Musanalipire bedi, lemberani eni malo pa WhatsApp muwafunse: kodi m'chipinda muli fani kapena makina oziziritsa, ndipo magetsi akazima pali jenereta? Neti ilipo pa bedi lililonse? Pali kabati yotseka ndi loko wanu? Chakudya cha m'mawa chili mu mtengo? Nanga msonkho wa boma umene mlendo amalipira pa usiku uliwonse, uli kale m'kati kapena mukalipira padera? Funso lomalizali ndi limene limayambitsa mikangano tsiku lochoka. Lipirani usiku 2 wokha poyamba. Mukakhutira, kambiranani maso ndi maso za masiku otsalawo. Kunja kwa nyengo ya alendo ambiri, kutsitsa mtengo n'kotheka.

Kuchoka ku doko, taxi ndi yodula kwa munthu mmodzi. Mahositelo ambiri amakonza galimoto yogawana. Daladala ndiyo yotsika mtengo: za ku Nungwi zimakwerekera cha ku Darajani, za kum'mawa nthawi zambiri mumakasintha ku Mwanakwerekwe. Onani zimene anzanu akulipira musanapereke zanu. Tapani ndalama ku Stone Town musananyamuke, chifukwa kumidzi ma ATM ndi ochepa ndipo amatha kukhala opanda kanthu, pomwe kulipira ndi khadi kumakhala ndi kowonjezera.

Tsiku la pa gombe

Pezani ndandanda ya madzi. Imapachikidwa pa mahositelo ambiri ndipo iliponso pa intaneti. Sambirani kuyambira ola limodzi kapena awiri madzi asanadzaze mpaka atangoyamba kubwerera. Akaphwera mungayende kupita chakumiyala, koma bwererani akangoyamba kudzaza, chifukwa amalowa m'makwawa kumbuyo kwanu n'kukutsekerani njira. Wosadziwa kusambira asapitirire m'chiuno, ndipo pokwera ngalawa afunse jekete yoyandamitsa asanalipire.

Musayende m'madzi opanda nsapato. Pakati pa miyala pamakhala tizilombo tozungulira takuda ta minga yaitali, imene imathyokera m'phazi. Patapata amavuka ndi kutengedwa. Gulani nsapato za labala zogwira phazi lonse. Mukabayidwa, viikani phazi m'madzi otentha amene mungapirire kwa mphindi 30 kapena kuposa, zulani minga yoonekera ndi kachitsulo kozulira, musakumbe ndi singano. Likatupa kapena kutulutsa mafinya, pitani kuchipatala.

Dzuwa la kumeneko limawotcha ndi khungu lakuda lomwe, makamaka mapewa, mphuno ndi pamwamba pa mapazi, chifukwa mchenga woyera ndi madzi zimabweza kuwala. Kuyambira 11 koloko mpaka 3 koloko khalani pa mthunzi, koma osati pansi pa mtengo wa kokonati wobereka. Dzolani mafuta a SPF 30 kapena 50, mubwerezenso mukatuluka m'madzi. Madzi a pampopi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja amakhala amchere pang'ono. Imwani a m'botolo, malita 3 pa tsiku. Malungo ndi ochepa pa chilumbachi kuyerekeza ndi kumtunda, komabe sitima imadutsa ku Ifakara, m'chigwa cha Kilombero, kumene udzudzu ndi wochuluka. Thupi likatentha, kaya muli konko kaya mwabwerako, kayezetseni tsiku lomwelo.

Chakudya cha pa mchenga chili pa mtengo wa azungu. Lowani m'mudzi, msewu umodzi kapena iwiri kumbuyo, mupeza wali (mpunga) ndi nyemba, chapati, chipsi mayai (chipisi cha mazira), nsomba ndi pweza (nyama ya m'nyanja ya miyendo 8) wophikidwa mu mkaka wa kokonati. Mukalakalaka nsima itanitsani ugali. Nsomba ndi nkhanu zogulitsidwa poyera, monga za pa msika wa usiku wa Forodhani ku Stone Town, funsani mtengo musanaloze, ndipo ziwotchedwe mukuona; zophikidwa kale n'kungotenthetsa ndi zimene zimatsegula m'mimba.

Zovala zosambirira zithere pa mchenga. Polowa m'mudzi kapena ku Stone Town phimbani mapewa ndi mawondo, amuna ndi akazi omwe. Chitenje chimodzi chimagwira ntchito imeneyi, n'kukhalanso choyala ndi chopukutira. Mowa mumwere m'malo ake, osati mumsewu, ndipo azimayi a m'minda ya ndere musawajambule musanapemphe. Majumbo apulasitiki ndi oletsedwa m'Tanzania kuyambira mu Juni 2019, ndiye zovala zonyowa konzerani kathumba kansalu. Zigoba ndi miyala ya m'nyanja zisiyeni pomwepo, zimatha kukugwiritsani pa doko.

Pobwerera, gonani usiku womaliza ku Stone Town kuti mukwere boti loyamba, ndipo mufike ku Dar es Salaam tsiku limodzi sitima isananyamuke. Tikiti yobwerera ndi bwino kuigula pa siteshoni ya TAZARA tsiku lomwe mwafika popita, mabedi asanathe. Mashilingi otsala sinthani pa Tunduma kapena Nakonde, musungeko makwacha a basi ya ku Kapiri mpaka ku Lusaka m'thumba lina lapadera.