Kuyamba Nkhani Yopeka ndi Munthu Amene Wowerenga Angamutsate

Olemba ambiri a kuno ku Chigwa cha Shire akafuna kuyamba nkhani yopeka amathamangira kutentha kwa mwezi wa Okutobala kapena kusefukira kwa madzi. Sindiwadzudzula, pakuti munthu amene adaona madzi a mu Januwale 2015 ku Makhanga, kapena namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, sangaleke kuzikumbukira. Komabe wowerenga adamva kale pa wailesi kuti Shire ndi Ruo zimasefukira, ndipo ndime yonse ya mitambo ndi matope siimupatsa chifukwa chopitirizira kuwerenga. Chimene chimamugwira mtima ndi munthu mmodzi amene akufuna kanthu ndipo pali chomutchinga. Ngakhale agogo athu poyamba nthano, ana akangoyankha kuti "tili tonse", ankatchula msanga mwininkhani ndi vuto lake.

Musanalembe chiganizo choyamba, dzifunseni kuti mpangankhani wanu, munthu amene nkhani ikumutsata, akufuna chiyani m'mawa umene nkhaniyo ikuyamba. Chisakhale chinthu chachikulu monga mtendere kapena kulemera, chifukwa zimenezo maso saziona. Chikhale chogwirika, monga ndalama yolipira bwato pa Mtayamoyo, ganyu yodula nzimbe ku Nchalo, kapena kuti thonje lake likwere pa sikelo asanabwere amene adamukongoza mankhwala opopera. Mukachipeza, muikeni munthuyo pa ntchito, manja ake ali ndi chochita.

Taonani chiyambi ichi: "Naphiri anali mayi wanzeru ndi wolimba mtima amene ankakhala ku Bangula." Apa mlembi watiuza maganizo ake, ndipo ife tangovomera popanda kuona kanthu. Tsopano yesani chotere: "Naphiri adawerenganso ndalama zija kachitatu bwato lisanafike, kenaka adapatulapo K5,000 n'kuimanga payokha pa mfundo ya chitenje, akuyeseza chamumtima mtengo wa mbuzi umene akauze amuna ake." M'chiganizo chimodzi tadziwa kuti wagulitsa mbuzi, kuti kunyumba kuli kusakhulupirirana pa ndalama, ndiponso kuti mayiyu ali ndi cholinga chimene sanauze munthu. Sitikudziwa ngati ndalamayo ndi ya fizi ya mwana, ya mankhwala a mayi ake, kapena ya ulendo wothawa banjalo, ndipo kusadziwa kumeneko ndiko kumatikokera ku ndime yachiwiri. Onaninso kuti mtsinje ulipo ndithu m'chiganizomo, koma walowa kudzera m'bwato limene Naphiri akudikira.

Apa ndipo pagona luso lonse, choncho khalanipo nthawi. Khalidwe la munthu limaoneka pamene wasankha, makamaka pa kanthu kakang'ono kamene akuganiza kuti palibe akumuona. Mnyamata wa kabaza amene wanyamula gogo pa Ngabu ndipo wazindikira kuti gogoyo wamupatsa ndalama yoposa mtengo, akangochedwa pang'ono kubweza chenje, wowerenga wayamba kale kumuweruza kapena kumumvera chisoni. Mayi amene akuphika nyika, mizu ya zomera za m'madzi, m'chaka cha njala n'kuvundikira mphika msanga atamva "odi" pakhomo watiuza zambiri za manyazi ake kuposa tsamba lathunthu lofotokoza umphawi. Ine ndimakonda kuti munthu wa m'ndime yoyamba akhale ndi kachilema kena mu mtima, chifukwa munthu wangwiro satipatsa nkhawa yoti angalakwitse.

Mawu oyamba amene mpangankhani alankhule asankheni mosamala. Mkamwini salankhula ndi apongozi ake monga alankhulira ndi mnzake wopha naye nsomba ku Elephant Marsh, ndipo "inu" kapena "iwe" woikidwa pamalo pake amaulula ubale wonse popanda mlembi kufotokoza. Ngati munthu wanu ndi Msena wa ku Nsanje kapena Mmang'anja wa ku Chikwawa, lolani liwu limodzi kapena awiri a kwawo amveke, koma musachulutse mpaka wowerenga wa ku Dowa asochere.

Mbiri ya munthuyo, monga kumene adabadwira, sukulu imene adalekeza ndi ana amene ali nawo, isungeni kaye. Idzalowa pang'onopang'ono pamene wowerenga wayamba kuifuna. M'ndime yoyamba musatchule mayina oposa awiri.

Mukamaliza kulemba tsamba loyamba, muwerengereni mnzanu mokweza, muime pakati, ndipo mumufunse kuti munthuyu akufuna chiyani ndiponso akuopa chiyani. Akalephera kuyankha, fufuzani m'tsambamo chiganizo choyamba chimene mpangankhani akuchitapo kanthu ndi manja kapena pakamwa pake. Nthawi zambiri chimapezeka m'ndime yachitatu, chitabisika pansi pa dzuwa, fumbi ndi mayina a midzi. Fufutani zonse zimene zili pamwamba pake, chiganizo chimenecho chikhale choyamba, kenaka muwerengereninso mnzanu uja.